Mazira amitundumitundu a pa Pasaka: ndiwiritse bwanji, ndipake chiyani?

Nachisale, Mpondasi

Moni nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene ntchito ya kukhitchini mumaidziwa bwino. Lamulungu la Pasaka abale adzasonkhana kwathu, ndipo ana apempha kuti chaka chino tiwakonzere mazira amitundumitundu aja amawaona pa foni, awasake pabwalo kenako adye. Ana alipo 9, akuluakulu 7, choncho ndaganiza zogula thireyi yathunthu ya mazira 30.

Dzira liwire mphindi zingati kuti lipse mpaka m'kati koma lisachite mzere wobiriwira uja umazungulira chikasu chake? Nanga ndichite chiyani kuti asasweke m'poto, pakuti tiphika pa mbaula? Utoto wake ndi uti umene sungavulaze mwana, ndipo kodi mazira a m'golosale a chigoba cha bulauni amagwira mtundu? Chomaliza, firiji ilipo koma ndi yaing'ono, komanso magetsi sitingawadalire tsiku lonse. Ndiphike Loweruka kapena Lamulungu lomwelo? Zikomo.

Anaphiri, Koche

Mayi Nachisale, tiyambe ndi kuphika, chifukwa dzira likalakwika m'poto utoto sungalikonze.

Musagule mazira oikiridwa dzulo. Dzira latsopano ndi lokoma kukazinga koma ndi lovuta kusenda: choyera chake chimamatirira pa kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa chigoba, ndiye posenda chimanyotsoka zibenthuzibenthu. Likakhalako masiku, mpweya wina umatuluka kudzera m'timabowo ta chigoba, ndipo kumatirira kuja kumachepa. Kumalo ozizira amadikira masiku 7 mpaka 10. Kuno kotentha dzira limakalamba msanga, komanso a m'golosale amakhala atayenda kale masiku angapo, choncho mukagula Lachiwiri kapena Lachitatu mwakhoza.

Musanaphike, yesani lililonse m'beseni la madzi. Lomira n'kugona chammbali ndi latsopano. Lomira koma n'kuimirira, mbali yaikulu ili m'mwamba, ndi lokhalitsa koma labwinobwino, ndipo ndi limene limasendeka bwino. Loyandama tayani. Yang'ananinso chigoba padzuwa. Chokhala ndi kamng'alu, ngakhale kochepa ngati tsitsi, chiikeni pambali mukazinge, chifukwa m'madzi otentha chidzangotsegukira pomwepo.

Pali njira ziwiri. Ambiri amaika mazira m'madzi ozizira n'kutereka poto pamoto. Pa mbaula njira imeneyi imasokoneza kuwerenga nthawi, chifukwa makala akayaka bwino madzi awira m'mphindi 8, akafooka atenga mphindi 20, ndipo nthawi yonseyo dzira likupsa pang'onopang'ono inu osadziwa kuti muyambire pati kuwerenga. Ine ndikukulangizani njira yachiwiri. Wiritsani madzi kaye. Akabwata, tsitsani mazira limodzilimodzi ndi supuni yaikulu mpaka likhudze pansi, osaponya. Yambani kuwerenga pomwepo ndi wotchi ya pa foni. Mazira akuluakulu a m'golosale mphindi 12. Apakatikati mphindi 10 kapena 11. A nkhuku zachikuda, amene amakhala aang'ono, mphindi 9 mpaka 10. A bakha mphindi 14. Njira imeneyi ili ndi ubwino wina: choyera chimalimba mwadzidzidzi chisanamatirire ku kakhungu kaja, ndiye kusenda kumaphweka.

Madzi apitirire mazira ndi zala ziwiri. Mazira agone mzere umodzi pansi pa poto, osasanjikiza. Kwa 30 ndiye kuti maulendo awiri a 15 m'poto wamkulu, ndipo ulendo wachiwiri dikirani madzi awirenso musanatsitse ena. Mukathira 30 onse nthawi imodzi madzi amazizira, kuwira kumaleka kwa mphindi zingapo, ndipo nambala ndatchulazi sizigwiranso ntchito.

Kusweka kumabwera ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi moto wochuluka: madzi akamachita bwatabwata mazira amavina n'kumagundana. Mukangowatsitsa, phulani makala ena kapena tsekani kakhomo ka mbaula, madzi aziwira modekha, timathovu tizingokwera. Chachiwiri ndi dzira lochokera m'firiji kulowa m'madzi otentha. Litulutseni mphindi 30 zisanachitike. Chachitatu ndi ming'alu ija. Thirani m'madzimo supuni yaikulu imodzi ya mchere kapena ya viniga. Sizitchinjiriza chigoba kusweka ayi, koma dzira likang'aluka choyera chimalimba pakhomo pomwepo m'malo momwazika m'poto monse.

Tsono mzere wobiriwira. Choyera cha dzira chili ndi salufa, chikasu chili ndi ayironi. Dzira likatenthedwa nthawi yaitali, salufa uja amatuluka ngati mpweya wonunkha, n'kukakumana ndi ayironi pamalire a choyera ndi chikasu, ndiye pamabadwa mzerewo. Si poizoni, munthu atha kudya, koma chikasu chimakhala chouma ngati ufa ndipo fungo limakula. Mankhwala ake ndi awiri: osapitirira mphindi, ndiponso kuziziritsa msanga. Dzira lophulidwa n'kusiyidwa m'mbale limapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Choncho beseni la madzi ozizira likhale pafupi nthawi isanakwane. Madzi a mumtsuko ndi abwino, a madzi oundana ndi abwino koposa. Akafunda, tayani muthire ena. Mphindi 10 mpaka 15 zakwana.

Ulendo woyamba perekani dzira limodzi nsembe: nthawi ikakwana liphuleni, muliviike m'madzi, mulidule pakati. Chikasu chikhale cholimba, chowala, pakati penipeni pakadali kachinyontho pang'ono. Ngati pakati pali phalaphala, onjezani mphindi ziwiri kwa otsalawo.

Ndipo ophika akasakanikirana ndi aawisi, zunguzani dzira patebulo. Lophika limazungulira mwaliwiro osagwedezeka, laliwisi limapepesuka n'kuima msanga.

Nangozo, Malindi

Anaphiri amaliza za poto, ine ndilowe pa mitundu.

Lamulo ndi limodzi: chilichonse chimene simungathire m'chakudya chisakhudze dzira lodyedwa. Chigoba chili ndi timabowo zikwizikwi tosaoneka ndi maso, ndipo mukasenda dzira lopakidwa mudzaona kuti mtundu walowa mpaka pa choyera. Ndiye utoto wonyikira nsalu, wa tsitsi, penti, inki ya bolopeni, polishi wa zikhadabo, zonsezi ayi. Gulani utoto wa zakudya, uja amathira m'makeke ndi m'mafilizesi. Umapezeka wamadzi m'timabotolo komanso waufa.

Muyeso wa kapu imodzi ndi uwu: theka la kapu la madzi otentha, supuni yaing'ono imodzi ya viniga woyera, ndi madontho 10 mpaka 20 a utoto. Ngati ndi waufa, tapani pansonga ya supuni yaing'ono, musungunule, muone mtundu, kenako muonjezere ngati wachepa. Kapu ikhale yoti dzira limire lonse. Mphindi 5 zimapereka mtundu wooneka bwino, mphindi 10 wozama. Litembenuzeni kamodzi kapena kawiri, apo ayi pamene lakhudza pansi pa kapu padzatsala kadontho koyera.

Viniga si wokometsera. Kuwawasa kwake ndi kumene kumachititsa kuti utoto ukakamire pa chigoba. Popanda iye mtundu umatuluka wotuwa ndipo umachoka ndi chala. Koma akachuluka amayamba kudya chigoba chenichenicho: mudzaona timathovu tambirimbiri tikuphimba dzira, ndipo likauma limakhala lamathothomathotho, pena kakhungu ka mtundu kamasupuka. Ngati viniga palibe, madzi a mandimu osefa bwino amagwira ntchito pa muyeso womwewo. Madzi a pa mjigo ena, aja sopo sachita thovu msanga, amafooketsa viniga. Mukaona mtundu sukugwira, onjezani theka la supuni yaing'ono.

Za chigoba cha bulauni: chimagwira, koma kumbukirani kuti mukupaka mtundu pamwamba pa mtundu wina. Wofiira umatuluka wokongola kwambiri, psuu wozama. Wobiriwira ndi wapepo amatuluka oderako koma abwino. Wachikasu suoneka n'komwe, wabuluu umasanduka wotuwa. Ngati mukufuna chikasu, pinki ndi buluu zowala, sakani mazira a chigoba choyererako. A nkhuku zachikuda ambiri ndi otero, a bakha ndi oyera koposa, kungoti chigoba chawo chili ndi kamafuta kamene kamakana utoto, ndiye akapsa apukuteni ndi kansalu konyowetsa ndi viniga. Bwanji thireyi yanuyo muigawe: 20 a bulauni, 10 oyera. Mitundu itatu yokha, wofiira, wachikasu ndi wabuluu, ikukwanirani. Chikasu ndi buluu zimabala wobiriwira, wofiira ndi buluu zimabala wapepo.

Koma njira imene ndimaikhulupirira kwambiri kuno kwathu ndi ya makoko a anyezi, ndipo si yachilendo pa mwambowu. Ku Ulaya kalelo anthu ankasala mazira m'nyengo ya Lenti, nyengo yosala zakudya Pasaka isanafike, nkhuku osaleka kuikira, ndiye pofika Pasaka mazira anali mbwee. Akhristu a mpingo wa Orthodox, monga a ku Greece, mpaka lero amanyika mazira awo kukhala ofiira pa Lachinayi Loyera pokumbukira mwazi wa Khristu, ndipo m'mayiko ambiri a kum'mawa kwa Ulaya makoko a anyezi ndiwo utoto wa makolo.

Pitani kwa amayi ogulitsa anyezi pamsika, makoko ouma aja amatsalira pansi pa thumba amangotaya. Mukufuna makapu anayi odzaza pa lita imodzi ya madzi. Atsukeni, muwawiritse mphindi 30 mpaka madzi ade ngati tiyi wamphamvu, musefe, muthire masupuni aakulu awiri a viniga. M'madzi amenewa ndi momwe muwiritsire mazira aawisi, mphindi zomwe zija Anaphiri atchula. Kuphika ndi kupaka zimathera pamodzi. Makoko a anyezi wabulauni amapereka mtundu wofiira ngati njerwa yootcha bwino, a anyezi wofiira amapereka wodera ngati khofi. Onse awiri amakhala bwino pa chigoba cha bulauni.

Tameriki, amene ena amati manjano: masupuni aakulu anayi pa lita, wiritsani mphindi 15, viniga masupuni awiri. Pa dzira loyera chikasu chake ndi chowala. Sefani ndi nsalu chifukwa ufa wake umakhala pa chigoba ngati mchenga, ndipo dziwani kuti amathimbiriritsa manja, makapu apulasitiki ndi zovala.

Chidede chimadabwitsa anthu. Madzi ake ndi ofiira psuu, koma dzira silifiira: limatuluka lotuwa mopita ku buluu, likakhalitsa limada. Kapu imodzi ya chidede chouma pa lita, osathira viniga chifukwa n'chowawasa kale, ndipo musapitirize mphindi 30 kuopa kuti chingakhakhalitse chigoba. Kabichi wofiira nayenso amapereka buluu pa dzira loyera, koma amafuna maola angapo dzira lili chinyikire, ndipo zimenezo ziyenera kuchitikira m'firiji. Ngati magetsi ndi okayikitsa, kabichi musiyeni. Bitiruti amapereka pinki wofooka amene amazilala akauma. Masamba a ndiwo obiriwira musataye nawo nthawi, mtundu wake sugwira.

Mapoto athu ambiri ndi a aluminiyamu, ndipo zowawasa zikakhalitsa m'menemo zimadetsa poto n'kusintha mtundu. Ngati muli ndi poto wa sitilo kapena wa enamelo gwiritsani ameneyo. Apo ayi, mukamaliza kuwiritsa tsanulirani utotowo m'makapu kapena m'mabotolo agalasi a kukamwa kwakukulu, poto mumutsuke pomwepo.

Poumitsa, imikani dzira lililonse pa chitsekero cha botolo la zakumwa, osaligoneka pa nyuzipepala chifukwa inki imadinda. Lisiyeni mphindi 15. Utoto wa zomera umachoka mukaupukuta uli wonyowa, ndiye manja a ana adikire. Likauma gwaa, dontho limodzi la mafuta ophikira pa kansalu, mulipukute, liziwala. Mafutawo akhale omaliza. Chala cha mafuta chikakhudza chigoba musananyike, pamalo pamenepo utoto sugwira, ndipo ndiko kumachokera zidindo za zala zimene anthu amadandaula nazo.

Nachisale, Mpondasi

Zikomo kwambiri amayi nonse awiri, ndalemba zonse. Ndiye kuti makoko a anyezi ndiyambe kusonkhanitsa lero. Latsala ndi funso la tsiku lija. Maganizo anga anali oti ndiphike ndi kupaka Loweruka madzulo, agone m'dengu, Lamulungu m'mawa tiwabise pabwalo tisanapite ku tchalitchi, ana adzasake tikabwerako. Pa siteji mazira owiritsa amagulitsidwa tsiku lonse padzuwa anthu n'kumadya, ndiye ndimaganiza kuti palibe vuto.

Bambo Mbewe, Namwera

Mayi, pamenepo pokha ndikupemphani musinthe. Kuchokera Loweruka madzulo mpaka Lamulungu masana ndi maola pafupifupi 18, ena mwa iwo dzira lili pa dothi lotentha.

Anthu ambiri amaganiza kuti dzira lophika limakhalitsa kuposa laliwisi. Zoona zake ndi zosemphana. Nkhuku ikamaikira, dzira limatuluka ndi kachinyezi kamene kamauma n'kutseka timabowo ta chigoba. N'chifukwa chake dzira laliwisi losatsuka limakhala masiku ambiri pa shelefu. Kuwiritsa kumachotsa chotchinga chimenecho, viniga amachotsanso chotsalira, ndiye dzira lophika ndi lopakidwa limakhala ngati nyumba yopanda chitseko. Malangizo a akatswiri a ukhondo wa zakudya ndi akuti dzira lophika lisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, ola limodzi lokha. M'firiji yoyenda bwino limakhala mpaka sabata imodzi lili m'chigoba chake.

Kumene mwambowu unachokera, Pasaka imafika chisanu chikungotha kumene, panja pakadali pozizira. Kuno imatipeza kumapeto kwa dzinja, ndipo inu a kumunsiko m'mbali mwa Shire mukudziwa momwe masana amakhalira mu Malichi ndi Epulo. Ngakhale kuno kumtunda kozizirirako sindingalole dzira lophika ligone m'dengu kuti ana adye mawa lake masana.

Za pa siteji ndakumvani. N'zoona kuti ambiri amadya osadwala. Koma ena amadwala, n'kumaganiza kuti ndi madzi amene anamwa panjira, ndipo thupi la munthu wamkulu limapirira zimene mwana wa zaka zitatu sangapirire. Choopsa china n'chakuti dzira lolowedwa tizilombo silinunkha nthawi zonse. Pali tizilombo tina timene timakhala pakhungu ndi m'zilonda za m'manja, tikalowa m'chakudya chofunda timasiya poizoni amene saphedwa ngakhale mutawiritsanso. Ku America m'zaka za m'ma 1980 ana pafupifupi 300 anadwala kusanza ndi kutsegula m'mimba atadya mazira a pa masewera osaka omwewa, mazira amene anaphikidwa, kupakidwa, n'kusungidwa masiku angapo kunja kwa firiji. Choncho amene ali ndi bala kapena chithupsa m'manja asagwire ntchitoyi.

Apa pakubweranso nkhani ya madzi oziziritsira. Dzira lotentha likamazizira, zam'kati zimanyala pang'ono n'kukoka madzi kudzera m'timabowo tija. Zimene zili m'madzimo zimalowa nawo. Ndiye madzi a m'beseni akhale amene mungamwe: a pa mpopi, a pa mjigo osungidwa bwino, owiritsa kapena othira kolorini. A mumtsinje kapena a m'nyanja ongotunga ayi. Madzi oundana ogulidwa kwa osunga nsomba musawathire m'beseni la mazira.

Dongosolo lake lingakhale lotere. Loweruka madzulo konzani utoto wokha: wiritsani makoko a anyezi ndi tameriki, musefe, muvindikire. Mazira akhale aawisi m'thireyi yawo. Lamulungu mukabwerako ku tchalitchi, pamene ena akusonkha moto wa nsima, bwatitsaninso madzi a anyezi aja mutsitse mazira. Mphindi 12 kuphika, 15 kuziziritsa, 10 kunyika amene akufuna mitundu ina, 15 kuuma. Pasanathe ola limodzi ndi theka maulendo onse awiri atha, ndipo ana adzakhala atanyika nawo okha, chimene kwa iwo ndi theka la chisangalalo.

Ngati mukufunitsitsa kuphika Loweruka, akangozizira ndi kuuma alowe m'firiji, m'chidebe chovindikira. Mazira 30 amalowa m'zidebe ziwiri za ayisikilimu za malita awiri. Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Kupitirira apo asamutsireni mu cooler box momwe muli mabotolo a madzi oundana. Mabotolowo aikeni mufiriza Lachisanu kuti akhale okonzeka. Dziwaninso kuti dzira lotuluka m'firiji limachita thukuta kunja kukatentha, ndipo utoto umatha kudontha pa zovala za tchalitchi za ana. Lipukuteni modinda ndi kansalu kouma musanawapatse.

Pobisa, nthawi yonse kuyambira kubisa mpaka kudya isapitirire ola limodzi. Bisani pamthunzi, pamalo okwera: pa mphanda ya mtengo wa mango, pa zenera, m'lichero, kuseri kwa mpando pakhonde. Pansi pamene nkhuku ndi mbuzi zimayenda ayi, m'dimba lothira manyowa kapena mankhwala ayi, ndiponso m'udzu wautali ndi m'milu ya njerwa ayi, chifukwa nyengo ino ya msipu mumabisala njoka ndi zinkhanira. Werengani amene mwabisa, ndipo wobisayo alembe malo ake. Dzira lopezeka mawa lake litayidwe. Limene lang'aluka pa masewera lidyedwe pompo ngati silinakhudze dothi, likakhudza dothi litayidwe. Ana asambe m'manja ndi sopo asanayambe kusenda.

Anaphiri, Koche

Ndikugwirizana ndi Bambo Mbewe, ndipo ndionjezerepo njira yoti masewera atalike popanda nkhawa ya nthawi. Obisa akhale zigoba zopanda kanthu, odya akhale patebulo. Mwana akapeza chigoba, akasinthanitse ndi dzira lenileni kwa agogo ake.

Kukhuthula dzira osaliswa n'kosavuta. Tengani singano yaikulu yotsuka bwino, mubowole kabowo kakang'ono kunsonga, ndi lina lokulirapo ngati njere ziwiri za mapira kumbali yaikulu. Lowetsani singano kapena kawaya koyera mutakase kuti chikasu chisweke, chifukwa chikakhala chathunthu chimatseka bowo. Pukutani chigoba, muuzire pa kabowo kakang'ono, zam'kati zigwere m'mbale. Zimenezo ndi za keke kapena zokazinga tsiku lomwelo. Tsukuluzani m'kati ndi madzi a viniga pang'ono, muimike chigoba bowo lalikulu lili pansi chigone usiku wonse. Ponyika chimayandama, ndiye chikanikizeni ndi supuni mpaka chidzaze, kenako muchikhuthulenso. Zigoba zimenezi mungazikonze ngakhale sabata yathunthu isanafike Pasaka.

Nangozo, Malindi

Popeza mwasankha anyezi, Mayi Nachisale, musaphonye zojambula za masamba, pakuti ndi pa anyezi pomwe zimatuluka bwino koposa. Thyolani timasamba tating'ono ta zomera zodyedwa: ta chammwamba, nsonga za masamba a karoti, kapena ta bwemba. Masamba amene simukuwadziwa, kapena otuluka mkaka mukathyola, asiyeni. Nyowetsani tsamba, mulimate pa dzira laliwisi mbali yosalala ikhudze chigoba, muliwongole ndi chala. Kulungani dzira ndi kansalu koyera kopyapyala kwambiri, monga bandeji yatsopano kapena sokosi ya nayiloni ya amayi yochapa bwino, mukoke zolimba, mumange ndi ulusi kumbuyo. Kumanga kukakhwepa utoto umalowa pansi pa tsamba ndipo chithunzi chimafufutika. Mukaphula ndi kuziziritsa, dulani ulusi, chotsani tsamba mosamala: pamene linali pamatsala chithunzi chake, nthambi ndi timasamba tonse, pakati pa kufiira kuja.

Chenjezo limodzi, chifukwa ndi nsalu imene ili pafupi m'nyumba iliyonse kuno: chidutswa cha neti ya udzudzu musachigwiritse. Maneti amenewa ali ndi mankhwala ophera udzudzu mu ulusi wake momwe, ndipo si oti awire limodzi ndi chakudya. Chidutswa cha chitenje nachonso ayi, chimasuluka.

Kwa mazira onyika m'makapu, ana alembe mayina awo kapena mtanda ndi kandulo woyera wosongola. Pamene phula ladutsa utoto sugwira, ndiye dzina limaonekera likatuluka m'kapu. Dzira likhale lozizira ndi louma polemba, ndipo utoto ukhale wofunda chabe, chifukwa wotentha umasungunula phula n'kupaka paliponse. Malamba a raba ozunguliza dzira amapereka mizere. Mukafuna mitundu iwiri pa dzira limodzi, yambani ndi wowala, liume, kenako munyike theka lokha mu wodera mutaligwira ndi zala kwa mphindi zitatu.

Posenda, gogodani mbali yaikulu kaye, kumene kuli kampata ka mpweya, mulikunkhunize patebulo ndi chikhatho mpaka chigoba chonse chichite ming'alu, kenako mulowetse chala pansi pa kakhungu kaja. Likakanirira, sendani muli chiviikire m'mbale ya madzi akumwa. Mukaona choyera chatengera mtundu pang'ono musadandaule, bola utoto wake ndi wa zakudya kapena wa anyezi. Ana osakwana zaka zinayi adulireni dzira zidutswa zinayi, adye atakhala pansi madzi ali pafupi, chifukwa chikasu chouma chimatsamwitsa.